Kumanja, bambo, kumanja!

Tisanakwere n'komwe ndege, ine ndinali nditamaliza kale kuyendetsa galimoto m'dziko lonse la France, koma m'mutu. Malamulo awo ndinawaloweza. Amayenda kumanja kwa msewu. Pa misewu ikuluikulu yolipira liwiro ndi makilomita 130 pa ola, mvula ikamagwa 110. Ukangoona chikwangwani cha dzina la mudzi, watsikira pa 50 ngakhale pasakhale nambala. M'galimoto simuyenera kusowa jekete yonyezimira ndi thirayango. Zonsezi ndinkazilakatula madzulo aliwonse, ana akuyasamula, mayi awo akungoti, "Chabwino, bambo." Anafunsapo ngati sitingangokwera sitima, poti kumeneko sitima zimathamanga kuposa galimoto iliyonse. Ndinawayankha kuti munthu amene anagwira chiwongolero asanamere ndevu sangakweze apongozi ake sitima ndi zikwama m'manja.

Eya, apongozi analinso pa ulendowu.

Pa bwalo la ndege la Charles de Gaulle anatipatsa makiyi a galimoto yobwereka, yotuwa, yonunkhira utsopano. Ndinalongedza zikwama kubuti, ndinawatsegulira apongozi chitseko, kenako ndinazungulira mwachifumu, n'kutsegula chitseko cha kumanja, n'kukhala. Patsogolo panga panalibe chiwongolero. Panali kabokosi koikamo mapepala. Ndinakatsegula, ndinatulutsa buku la galimotoyo, ndinatembenuza masamba angapo a Chifalansa, ndinagwedeza mutu mokhutira n'kulibwezeramo.

"Ndimafuna ndione kaye mapepala," ndinatero.

Palibe anayankha. Mzime wathu yekha ndiye anatulutsa kamphepo m'mphuno, mayi ake n'kumutsina.

Galimotoyo inali ya kalachi. Mapazi sanavutike ayi, chifukwa zopondera zili malo omwewo kulikonse: kalachi kumanzere, buleki pakati, moto kumanja. Koma manja! Dzanja lamanzere, lomwe lasintha magiya moyo wanga wonse, linkanyamuka lokha kukafuna giya n'kukapeza chitseko. Gu! Tisanatuluke m'malo oimika magalimoto ndinali nditachimenya kale mokwanira chitsekocho, ndipo ulendo wina ndinatsitsa nalo windo. Ndikati ndisonyeze kuti ndikukhota, mawaipa kwee, kwee, pa galasi louma, dzuwa lili phwee. Galimoto za ku Japan zomwe ndinazolowera zili ndi kandodo ka indiketa kumanja, pomwe za ku Ulaya zinakaika kumanzere. Izi sanalembe m'malamulo aja.

"Kukugwa mvula, adadi?"

"Ndikupukuta fumbi. Khala chete."

Njira ankatiuza ndi mayi wina wa m'foni ya chisamba chathu, mayi wofatsa, wa Chingerezi chosalala, wosadziwa kupsa mtima. Mpaka lero ine ndimati zonse zomwe zinatsatira anayambitsa ndi iyeyo. Timapita kukaona nyumba yachifumu ya Chambord, kumwera, cha ku mtsinje wa Loire, ndipo timafuna msewu wa A10. Kuti tiupeze tinayenera kudutsa kaye mu Périphérique, msewu wa makilomita 35 wozungulira mzinda wa Paris. Chilowereni Okutobala 2024 liwiro la mumsewuwu analitsitsa kufika pa 50, ndiye munthu angaganize kuti ndi mofewa. Ayi ndithu. Njinga zamoto zimakudutsa pyoo pakati pa mizere, chigongono cha woyendetsa chikupsopsona kalilole wako. Ndipo amene akulowa kuchokera kumanja ndiye ali ndi ufulu wodutsa poyamba, iwe amene uli kale mumzere wa kumphepete umupatse mpata. Ine, pofuna mtendere, ndinakakamira mzere wa kumphepete womwewo, n'kumapatsa mpata Paris yense.

Apongozi ndi munthu waulemu wakale. Sandilankhula mwachindunji ngati pali mwana wawo pafupi. Anali kumbuyo kwanga kwenikweni, mpweya wawo ukundifika pakhosi, koma mawu ankadzera kwa mayi a ana.

"Iwe, uwauze bambo kuti galimotoyi ikutsamira mbali yako."

"Bambo, akuti mukufinyira kumanja."

"Uwauze amayi kuti ndikuona."

Sindinkaona. Diso lomwe lazolowera kukhala kumanja kwa galimoto limayesa mtunda molakwika ukalisamutsira kumanzere, ndipo amene amalipira ndi wokhala pampando winawo. Mayi a ana anali atapinda miyendo, akuwerenga misomali ya pa chotchinga cha m'mbali mwa msewu.

Pa Porte Maillot mzere wathu unangopatuka wokha n'kutitengera mumzinda. Mayi wa m'foni anakhala chete kamphindi, kenako anati palibe vuto, tipitirire molunjika. Msewu unali wotakasuka, wowongoka, Avenue de la Grande-Armée, ndipo kumapeto kwake kunaima chipilala chachikulu chokhala ndi khomo pakati. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Arc de Triomphe! Ine ndinakonza pakhosi n'kuwauza kuti Napoleon analamula kuti chimangidwe mu 1806, koma anachimaliza mu 1836 mwini wake atamwalira kale, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 50. Ndinalankhula ngati ndinakonza dala kuti tidzere kumeneko. Chomwe sindinanene, chifukwa ndinachiona mochedwa, n'choti chipilalacho chili pakati pa raundabauti.

Abale anga, pali ma raundabauti, ndiye pali uja. Misewu 12 imathira galimoto pamalo amodzi. Pansi palibe mzere ngakhale umodzi wojambulidwa. Amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, kutanthauza kuti polowa ukhotere kumanja pomwe thupi lako lonse, kuyambira khosi mpaka m'chiuno, likukukokera kumanzere. Ndipo lamulo lake ndi lomwe lija: wolowa ndiye bwana, amene uli kale mkati uime. Anthu oyenda pansi safika pa chipilalacho podutsa msewu, anawakumbira njira ya pansi pa nthaka, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake.

Kulowa sikunavute, poti bwana ndinali ine. Mavuto anayamba nditalowa. Kumanja kunatulukira takisi, ndinaipatsa mpata n'kusunthira kumanzere. Kunabwera basi, ndinasunthanso. Kunabwera mayi wina wachikulire pa kagalimoto kakang'ono, akusuta fodya, osandiyang'ana n'komwe. Ndinasunthanso. Posakhalitsa tinapezeka mkatikati, moyandikana ndi chipilalacho, galimoto zikuzungulira ngati ngumbi pa nyali, ife tili pafupi kwambiri ndi nyaliyo. Kuti utuluke uyenera kudula gulu lonselo cham'mbali, ndipo aliyense amene ukumudula ali kumanja kwako.

Tinazungulira. Mayi wa m'foni anati titulukire pa msewu wachisanu ndi chimodzi. Tinaupitirira. Anati wachitatu. Ndinayatsa mawaipa posonyeza kuti ndikutuluka, koma palibe anamva chinenerocho. Anati wachisanu ndi chinayi, mawu ake ali ofatsa chimodzimodzi, zomwe zinandipweteka kuposa mahutala onse. Malaya anga anali thapsa. Mzime anajambula chipilalacho kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, m'mbali mwina, kenako anati batire ikutha. Pamwamba pa chipilala panali alendo odzaona malo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena anayamba kutizindikira.

Apongozi anasuzumira pawindo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kodi zipilalazi anamanga zingati? Zikufananatu zonse."

Chomwe chinatipulumutsa ndi basi ya nsanjika yonyamula alendo. Ndinaona kuti basi imeneyo palibe amene akuiderera, ndiye ndinaimamatira kumbuyo, bampala kutsala pang'ono kugunda, n'kulumbira mumtima kuti komwe itulukire n'komwe ndikupita, kaya ndi ku Belgium. Inatulukira mu Champs-Élysées. Ndinauza banja kuti uwu ndi msewu wotchuka kwambiri ku France ndipo anthu amalipira ndalama kuti audutse pa basi, ife taudutsa ulere.

"Safunsa anadya phula," anatero mayi a ana, akuyang'ana kunja.

Za momwe tinapezera A10 tisakambe, zinatenga nthawi. Pa msewuwo ndinakhazikika bwinobwino mumzere wa kumanzere, komwe mtima wanga umadziwa kuti ndi kwa oyenda modekha, n'kumadabwa kuti n'chifukwa chiyani Afalansa onse akundiphethirira nyali. Ndinkaganiza kuti ndi moni. Kumeneko mzere wa kumanzere ndi wa opitirira anzawo basi.

Pa Saint-Arnoult pali chipata chachikulu cholipirira msewu, mageti ali ndandanda mpaka diso kutopa. Pochoka ku Paris umangotenga tikiti, umakalipira potuluka. Ndinasankha geti lomwe linalibe mzere wautali, lokhala ndi chilembo cha "t" cha mtundu wa lalanje pamwamba. Geti limenelo ndi la anthu omwe ali ndi kachipangizo komata pagalasi, kamene kamatsegula kokha. Ife tinalibe. Chitsulo chinangoti chete. Kumbuyo kunayamba kudzaza. Ndinadina batani lopemphera thandizo, m'makinamo munatuluka mawu a bambo wina akulankhula Chifalansa chothamanga. Apa ndinakumbukira kuti ndakhala ndikulipira fizi ya mwana wophunzira Chifalansa ku sekondale.

"Iwe, lankhula nawo."

Chisamba chathu chinatulutsa mutu pawindo, chinapuma mozama, n'kuwauza makinawo dzina lake, zaka zake, kuti ali ndi mchimwene mmodzi, ndi kuti amakonda kusewera mpira wamanja. Kunali zii. Kenako bambo uja anaseka mpaka kutsokomola, anatithandiza za tikitiyo, chitsulo n'kukwera. Fizi ija sinapite pachabe.

Koma zonsezi ndinapulumuka, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti m'Paris monse sindinagunde kanthu. Mumzinda galimoto zinzako zimakukumbutsa mbali yoyenda, umangotsatira. Choopsa chili pa msewu wopanda kanthu, m'mawa, utagona bwino, mtima uli m'malo.

Tinagona m'kamudzi kena pafupi ndi Blois. Kutacha tinanyamuka kupita ku nyumba yachifumu ija. Kamsewu kanali kakang'ono, kopanda mzere pakati, minda uku ndi uku, kopanda galimoto ngakhale imodzi. Giya ndinaipeza ndi dzanja loyenera. Indiketa inayaka popanda mawaipa. Ndinayamba kuimba mluzu. Ana ankasinza, mayi awo ankafunafuna china chake m'chikwama. Pa kakhona kena kunatulukira thirakitala yaikulu yobiriwira, ikubwera molunjika pa ife, mbali yathu yeniyeni.

Ndinaphethira nyali. Ndinaimba hutala. Ndinatulutsa dzanja pawindo n'kumulozera mbali inayo.

"Mwaona?" ndinatero. "Ngakhale eni dziko amasokoneza. Munthu wamkulu ngati uyu!"

Mlimiyo anaima. Anali nkhalamba ya kapusi, masharubu oyera. Anazimitsa injini, anapinda manja pachifuwa, n'kungondiyang'ana kuchokera pamwamba pamenepo. Ine ndinamuyang'ananso. Ndinali wokonzeka kukhala pamenepo mpaka madzulo.

Ndipamene ndinamva dzanja paphewa langa. Apongozi. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, sanadzere kwa wina aliyense.

"Apongozi," anatero motsitsa mawu, "pepani. Kodi dzulo lija sitimayenda mbali iyo?"

Ndinakhotetsa chiwongolero mwachangu kuti nkhaniyo ithe msanga, koma ndinapyoza muyeso. Matayala awiri a kumanja anatsika m'mphepete, m'kangalande kofewa kobisika mu udzu, galimoto n'kupendekera. Ndinaponda moto, matayala anangolira fwii, matope kuwaza. Mzime anadzuka n'kufunsa ngati tafika.

Apa malamulo aja anagwira ntchito yake. Ndinavala jekete yonyezimira ndisanatuluke, monga zimafunikira. Ndinayenda mamita 30 n'kukaika thirayango pa msewu womwe panalibe wina aliyense woti ayione kupatula khwangwala. Mlimi uja anatsika, sanalankhule kanthu, anatenga lamba wokokera, anagwada m'matope kufunafuna pomangirira, n'kutikoka kamodzi kokha. Nditatulutsa chikwama cha ndalama anakana ndi dzanja. M'malo mwake anagwira mkono wanga wamanja, anaukweza m'mwamba, anaugwedeza pang'ono, n'kuulozetsa ku mbali ya msewu yomwe amafuna ndiikumbukire. Anachita zimenezi pang'onopang'ono, kuti ana aone bwino. Mayi awo anajambula.

Nditabwerako kukatenga thirayango, ndinapeza mayi a ana atakhala pa chiwongolero, akusendeza mpando kutsogolo, akukonza kalilole. Dzina lawo linali pa mapepala a galimotoyo ngati dalaivala wachiwiri. Anaumirira okha pa bwalo la ndege paja, ine n'kuvomera mongowasangalatsa.

"Pumulani pang'ono, bambo. Mwatopa."

Chambord tinaiona ndithu. Mfumu François I inayamba kuimanga mu 1519, ndipo nkhalango yake yazunguliridwa ndi mpanda wa makilomita 32. Pakati pa nyumbayo pali masitepe awiri opotana pa mzati umodzi, opangidwa mwakuti wokwera mbali iyi ndi wotsika mbali inayo amaonana pa timawindo koma sakumana. Mayi a ana anawerenga zimenezi pa kapepala, anandiyang'ana, n'kunena kuti apa pokha nditha kutsogolera.

Masiku otsalawo anayendetsa ndi iwo, mosalala, akucheza ndi amayi awo, osamenyako chitseko ngakhale kamodzi. Ine ndimati n'chifukwa choti anaphunzirira pa ine. Ndinadzipereka kuti ndizitenga matikiti pa mageti, koma makina aja ali mbali ya dalaivala, ndiye ankatenga okha. Anandipatsa foni kuti ndiziwauza njira. Pa mphambano yoyamba ndinakuwa kuti "kumanja!" dzanja likuloza kumanzere, ndipo foniyo inapita kwa mzime. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yosunga botolo la madzi la apongozi.