Sabata ya mabuloko: wophunzira akamadziyeza yekha

Lolemba tinayamba kukweza makoma a mashopu atatu ku Lilongwe. Tikumangira mabuloko a simenti, popeza kuyambira 2018 malamulo a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno saloleza njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda. Pagulu lathu pali mnyamata wa TEVETA (bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja) amene wabwera kudzaphunzira ntchito, ndipo tsiku loyambali sanagwire buloko. Anapatsidwa thabwa lowongoka, tepi ndi pensulo kuti alembe mizere yotalikirana mamilimita 200: buloko 190, matope 10. Thabwalo ndi lake, amayenda nalo paliponse pamene akumanga.

Anyamata ambiri amagwa ulesi pasaiti chifukwa miyezi imatha akungokanda matope ndi kukankha wilibala, osadziwa ngati dzanja lawo likukhwima. Amene amawauza kuti alakwitsa ndi kapitawo yekha, kawirikawiri mokalipa. Ukampatsa munthu chipangizo chodziyezera, amayamba kufuna yekha kuti mzere wa lero upose wa dzulo.

Lachiwiri linali la ngodya. Kuchokera pakona umayeza mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, ndipo pakati pa madontho awiriwo papezeke mamita 5. Pakapanda kutero, konayo ndi yopotoka, ndipo adzalira ndi wa matailosi ndi wa denga.

Lachitatu ndi limene linali ndi phunziro. Mnyamatayo anapatsidwa khoma lamkati. Atafika mzere wachinayi wa mabuloko anaimika thabwa lake n'kuona kuti wapitirira ndi mamilimita 12. Anabwera yekha: “Akapitawo, taonani, khoma langa likukwera.” Ameneyo ndi mamilimita 3 pa mzere uliwonse. Amaoneka ochepa, koma pofika mzere wa khumi ndi mamilimita 30, ndipo khomalo silingalumikizane bwino ndi linzake pakona. Vuto linali poyera: ankayala matope ochuluka ndiye n'kumaopa kugogoda buloko kuti ikhale pansi pa chingwe. Chingwenso chinali chitalendewera pakati. Matope anali asanagwire, choncho anaphwasula mizere iwiri yapamwamba, anapala mabulokowo, n'kukoka chingwe mpaka kulira. Kenako anamanganso ndi matope opyapyala pang'ono kuti abweze zimene zinapitirira pansi. Palibe anamukalipira. Kunena zoona, wophunzira amene amabwera kudzaulula kuti khoma lake lalakwika ndi amene ndingamusiyire saiti mawa, kuposa wachangu amene amati pulasitala idzabisa.

Lachinayi dzuwa linaswa mtengo. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 timasakaniza ndi mawilibala atatu a mchenga osasefukira, koma kukatentha chonchi timakanda theka lokha, loti lithe ola lisanakwane. Matope akayamba kuuma, kuwathira madzi kumangowafewetsa m'maso, mphamvu ya simenti imakhala yapita. Khoma lotere umalikanda ndi msomali, mchenga n'kumayoyoka. Tinamuonetsa mnyamatayo zimenezi pa chidutswa chakale kuti aone ndi maso ake.

Lachisanu tinangomanga. Mnyamata uja ankaika levulo pa buloko iliyonse yapakona, chopingasa ndi choimirira, ndipo liwiro lake linali locheperapo kuposa la amisiri enawo. Zimenezo sizidetsa nkhawa. Liwiro limabwera lokha dzanja likazolowera kuchuluka kwa matope oyenera, pomwe chizolowezi chomanga mokhota chimavuta kuchichotsa.

Loweruka tinathirira makoma onse m'mawa ndi madzulo, ndipo mlonda apitiriza kuti akwane masiku 7 akunyowa, apo ayi simenti siikhwima. Tisanaweruke, mnyamatayo anayeza khoma lake pamaso pa gulu lonse: mzere wa khumi unali pa mamita 2 ndendende. Lolemba likudzali ayamba kuphunzira kumanga zitsulo za malintala ndi kukhoma matabwa othiramo konkire pamwamba pa zitseko.