Kakope ka malita m'Sienta yanga

Ndinayamba kulemba malita mu 2022, nthawi ija tinkagona pamizere ya petulo muno mu Lilongwe. Nditapeza mafuta tsiku lina m'bandakucha, ndinagula kakope. Ndikadzaza thanki ndimalemba makilomita amene ali pa dashibodi, ndikadzadzazanso ndimaona mtunda umene ndayenda, n'kuugawa ndi malita amene alowa.

Kakopeko kanayamba n'kuloza phazi langa. Ndimapita ku Blantyre kawiri pamwezi, kudzera ku Zalewa, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 300. Kale msewu ukangowongoka ndinkaponda mpaka 120. Nditayamba kuyenda pa 80 kapena 90, ndinaona kuti ndikufika ndi mafuta otsala ochuluka ndithu. Chifukwa chake ndi mphepo: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mphepo imakankhira galimoto m'mbuyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake mbatatesi ndi kabichi za pa Lizulu ndimaziika m'kati, pamwamba ndinachotsapo keriyala.

Pali chizolowezi chimene chimandipweteka mtima, chotsetsereka pa free. Ndimachiona kawirikawiri potsika kuchokera ku Dedza kulowera ku Linthipe. Amakaniko anga, bambo achikulire odziwa ntchito yawo, anandikhazika pansi n'kundiuza kuti injini za masiku ano zimadula zokha mafuta ukachotsa phazi galimoto ili m'giya. Pa free injini imamwabe kuti isazime, ndipo katundu yense amatsalira mabuleki. Ndiye munthu waika moyo wa anthu pachiswe popanda chimene wapulumutsa.

Iwo omwewo ndi amene anandionetsa kapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, kolembedwa mpweya woyenera m'matayala. Zaka zonsezi ndinkangouza mnyamata wopopa kuti "ikani mwa nthawi zonse". Tsopano ndimayeza m'mawa matayala asanatenthe. Mapulagi ndi oyilo ndimasintha pa nthawi yake.

Ndinayamba zonsezi pofuna kusunga ndalama, koma chimene chandigwira mtima tsopano ndi utsi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera makilogalamu oposa awiri. Mafutawo amabwera kuchokera kutali, ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ambiri mwa iwo pa mathankala amene nawonso akufuka njira yonse. Ethanol wa nzimbe wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amasakaniza mu petulo wathu, amangochepetsako pang'ono. Mchemwali wanga amakhala ku Chilobwe, ndipo zimene anaona pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 zinandichititsa kuleka kuiona nkhani ya kusintha kwa nyengo ngati ya pa wailesi.

Masana ndikamadikira mwana wanga pageti la sukulu, ndimazimitsa injini n'kutsitsa magalasi. Pamzerepo pamakhala galimoto zambiri zolira chiimire, ana akudutsa kumbuyo kwake, mphuno zawo zili pafupi ndi paipi ya utsi. Sabata yatha ndinapempha mayi wina woimika pafupi nane kuti azimitse, ndipo anazimitsa.