Kupweteka kwa m'chinena kosatha: nthawi zina vuto ndi mtsempha

Abale anga a ku Ntcheu kuno, makamaka azimayi ndi anyamata a kabaza a pa Lizulu ndi pa Tsangano, tamvani izi. Ululu wa m'chinena ukapitirira miyezi 6, ambirife timangothamangira makapisozi poganiza kuti ndi matenda opatsirana pogonana. M'mabanja ena mpaka kulozana zala. Koma nthawi zina mulibe kachilombo ayi, wavulala ndi mtsempha wonyamula uthenga wa ululu.

Pali mtsempha wina wotchedwa pudendal, umachokera kumunsi kwa msana n'kufika kumaliseche ndi kotulukira chimbudzi. Ukapanikizika, munthu amamva kuwotcha, kubaya kapena dzanzi. Akakhala pansi ululu umakula, akaimirira kapena kugona umachepa. Zoyambitsa zake ndi monga kubereka movutikira, opareshoni, kudzimbidwa kwa nthawi yaitali, komanso kukhalitsa pa chishalo cha njinga tsiku ndi tsiku.

Maantibayotiki sachiza zimenezi, mungongowononga ndalama. Panado nayenso sathandiza kwenikweni. Madokotala amapereka mankhwala oziziritsa mitsempha monga amitriptyline kapena gabapentin, ndipo amayamba kugwira pakapita masabata angapo, ndiye musawasiye msanga. Ena amathandizidwa ndi mafizo, ena jakisoni wa pamtsempha pomwepo. Opareshoni imabwera zina zonse zikakanika.

Musanaganize za mtsempha, kayezetseni kaye mkodzo, likodzo, ndipo amayi khomo la chiberekero. Mukakafika kwa adokotala, kawauzeni momveka kuti mukakhala pansi ndi pamene zimanyanya.