Ine ndi 600mm pa sinowo ya ku Lesotho

Loweruka, Julayi.

Zala zangoyamba kumva bwino tsopano ndiye ndilembe msanga zinthu zisanandichoke mmutu. Tinanyamuka kudakali mdima ku Fouriesburg komwe tinagona dzulo pochokera ku Joburg, alamu pa chiwongolero, kamtsikana kawo kali mtulo kumbuyo, ine ndi chikwama cha kamera pamiyendo. Pa boda ya Caledonspoort kudinda pasipoti basi, kenako Butha-Buthe, kenako kukwera Moteng Pass, msewu wokhotakhota mpaka makutu kutseka. Afriski, malo ochitira ski amene tinabwerera kudzajambula, ili pa mamita pafupifupi 3,050, ndiye kuti poimika galimoto pamene uli kale pamwamba kuposa Sapitwa wathu wa ku Mulanje amene ndi 3,002. Mpweya wake ngochepa, kungoyenda pang'ono ndi katundu umachita kupumira mmwamba.

Amene simunafikeko musaganize kuti phiri lonse ndi loyera ayi. Lero kunali kamzere kamodzi ka sinowo kotsika phiri, kutalika kwake cha mma kilomita imodzi, yambiri yake yochita kupanga ndi makina usiku kukazizira kwambiri, ndipo uku ndi uku ndi udzu wouma wabulawuni mpaka komwe maso alekezera. Sizoni yake ndi Juni mpaka Ogasiti basi.

Lenzi ndinabwereka kwa mnzanga wojambula mbalame, Sigma 150-600mm, yolemera pafupifupi makilo awiri payokha. Kamera yanga ndi ya crop sensor ija, sensa yocheperako imene imachulukitsa kukoka kwa lenzi ndi 1.5, ndiye pa 600 imaona ngati 900mm. Nditangoimangirira pa monopod, kandodo ka mwendo umodzi kochirikizira kamera, alamu aja kuyamba kale, "Alamu, chimfuti chonsechi mukufuna kujambula nacho anthu ali pompawa?" Ndinangoti dikirani muone madzulo, muzandipempha nokha.

Vuto loyamba la lenzi yaitali si kulemera, ndi kumupeza munthuyo. Pa 600 umangoona kachigawo kakang'ono ka phiri, zoyera zokhazokha, palibe mtengo palibe mwala woti ukuuze uli pati, ndipo wa pa ski uja akubwera mokhotakhota, ukamati wamugwira iye wakhota kale. Njira imene inandithandiza ndi kumuyamba pa 150 adakali kumtunda, autofocus ya continuous, ija yomangotsatira chinthu chikamayenda, imugwire, kenako nkumakoka zoom pang'onopang'ono diso linalo lili chitsegulire. Koma yabwino kuposa ndi kusiya kuthamangitsa anthu. Ndinaona malo amodzi pamene pafupifupi aliyense amakhotera chifukwa pali kachitunda, ndinalozetsa pamenepo nkumadikira, munthu azilowa yekha mu frame. Mapewa amapumako komanso zithunzi zakuthwa zambiri zachokera pamenepo.

Nkhani ya kuwala. Kamera ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira ndiye imatsitsa kuti zonse zikhale zotuwa, mapeto ake sinowo imaoneka yakuda bii ngati yakhalitsa ndipo nkhope ya munthu imene ili kale mkati mwa helimeti ndi magalasi imangosowa. Ukuyenera kukweza kuwalako wekha, ine ndinaika +1 ndi kachidutswa, kenako poti dzuwa silimasintha ndinapita pa manual: shutter kutseguka 1/2000 ya sekondi, f/8, ISO 400. Screen ya kumbuyo pa dzuwa lija osaikhulupirira, sioneka nkomwe, ndimangoyang'ana histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, kuti yatsamira kumanja koma isagunde khoma. Pa 1/2000 sinowo imene ski imamwaza pokhota imaima mlengalenga timibulu timodzitimodzi, pomwe cha mma 1/500 imakhala utsi chabe. Mithunzi imatuluka yabuluu chifukwa imawalitsidwa ndi thambo, imeneyo ndikonza pa kompyuta poti ndimajambula RAW, mafayilo osakonzedwa amene umatha kusintha mitundu pambuyo pake.

Cha mma 11 ndinaona china. Zithunzi za anthu akutali kumtunda kwenikweni zinayamba kufewa ngakhale focus ili pamalo pake. Si lenzi, ndi mpweya, dzuwa likatenthetsa udzu ndi miyala ya mmbali mpweya wofunda umasakanikirana ndi wozizira nkumanjenjemera, ndipo 600mm imakulitsa kunjenjemera konseko. Palibe setting yothetsa zimenezo, kumangoyenda ndi miyendo kuyandikira basi. Ndiye chodabwitsa nchakuti pa slope yaifupi chonchi ndathera nthawi yambiri pakati pa 200 ndi 350, 600 ija inali ya nkhope zokha.

Koma nkhope zakezo eee. Kamtsikana ka alamu kanali mmunsi ndi aphunzitsi ake kakuphunzira kuima, nsonga za ma ski atazilozetsa pamodzi, mawondo akunjenjemera. Ine ndili kutali sikamandiona ndiye sikamapanga pozi. Ndili nacho chimodzi lilime lili panja pakona pa kamwa, maso pansi, mphuno ikuchucha, golovesi imodzi ikulendewera pa chingwe. Chotsatira chake kali chagada miyendo mmwamba kakuseka. Ukanayandikira ndi foni zimenezi sukanazipeza, akanangoti peace sign basi kkkk.

Kuzizira nako kuli ndi zake. Batire imatha msanga, yachiwiri ndinaisunga mthumba lamkati pafupi ndi thupi nkumasinthanitsa, yozizirayo ikafunda imabwereranso mphamvu pang'ono. Popuma osapumira pa viewfinder, nthunzi imamatirira pagalasi pompo. Magolovesi okhuthala sugwira nawo mabatani ndiye dzanja lamanja linali ndi kopyapyala, ndilo lavutikalo. Polowa mu restaurant masana kamera ndi lenzi ndinazimangira mu jumbo ndisanalowe, chifukwa galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wa mkati limachita thukuta mpaka mkati mwa lenzi momwe sungapukute, ndipo lenzi yake ndi ya eni.

Tikudya tinatsutsana ndi alamu. Ndinawaonetsa ziwiri za mnyamata mmodzi wa snowboard akudumpha. Choyamba cha pa 500, kumbuyo kwake zoyera zokhazokha, ukhoza kulumbira kuti ndi ku Switzerland. Chachiwiri cha pa 150 nditaima chammbali, iye ali wamng'ono mmwamba, kamzere ka sinowo pansi pake, kumbuyo mapiri a Maloti abulawuni mbuu. Alamu akuti choyambacho ndiye chithunzi, "chinachi chikuoneka ngati sinowo yatithera." Ine ayi. Lenzi yaitali imadula chilichonse chokuuza komwe uli, komanso ukajambula uli mmunsi moyang'anizana ndi phiri imaphwatalalitsa kutsetsereka konse, munthu amaoneka ngati akuyenda pabwalo la mpira. Choyambacho aliyense ali nacho pa intaneti, chachiwiricho sungachijambule kwina kupatula kuno. Sanagonje, akuti ndiwatumizire choyeracho aike pa status anthu a ku Area 25 aone.

Pobwerera ku lodge tinadutsa abusa a nkhosa atafunda mabulangeti awo aja, nkhope zophimba, magambutsi kumapazi. Kamera inali pamiyendo ndipo pa 600 ndikanawatenga iwo osadziwa nkomwe, koma anthu ali pantchito yawo kuwaba chithunzi pawindo la galimoto sindimakonda, pa slope ndi nkhani ina poti aliyense akudziwa kuti makamera ali mbwee.

Pano mabatire onse ali pa chaja, ma card ndakopera mu laputopu, phewa lamanja likuwawa. Mawa ndikufuna ndikafike lift yokwezera anthu kumtunda isanatsegule, mpweya usanayambe kunjenjemera, ndikayese panning, kutsatira munthu ndi kamera akamayenda, pa 1/60 kuti phiri labulawunilo lichite mizere kumbuyo kwa munthu. Alamu akuti asadzutsidwe 7 isanakwane ndiye makiyi a galimoto ndatengeratu.