Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsiku limene ndinadya chakudya cha m'mapiri a Bamiyan

M'gawo lathali ndinalekezera pamene ndinafika ku Bamiyan, m'katikati mwa dziko la Afghanistan, mu 2012, kukagwira ntchito ndi bungwe lina lothandiza alimi a kachewere. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti munthu wa ku Ntcheu, wokulira nsima, ankadya chiyani kudziko kumene sadya nsima. Lero ndiyankhe funso limenelo.

Poyamba ndinkadyera kunyumba ya alendo ya bungwe, kumene wophika ankatikonzera makaroni ndi mazira poganiza kuti alendo onse amakonda zomwezo. Chakudya chenicheni cha eni dera ndinachilawa mu Okutobala, alimi atatsala pang'ono kumaliza kukumba. Tinaweruka mochedwa kuminda, manja atauma ndi mphepo, ndipo mkulu wa alimi, bambo wandevu zoyera amene tonse tinkawatchula kuti Kaka, anauza wotanthauzira wathu kuti: "Uwauze Injinir sahib kuti lero ndi mlendo wanga." Kumeneko mwamuna wogwira ntchito zachitukuko amangomutcha injiniya, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka tsiku lochoka.

Bamiyan ili pamalo okwera mamita pafupifupi 2,500, m'chigwa chapakati pa mapiri a Hindu Kush ndi Koh-i-Baba. Msika wake ndi msewu umodzi wautali, ndipo ukaima pamenepo umaona thanthwe lalitali lokhala ndi mapanga awiri akuluakulu opanda kanthu, mmene munali ziboliboli za Buddha zimene a Taliban anaphulitsa mu Malichi 2001. Anthu ambiri a kumeneko ndi a mtundu wa Hazara. Kaka anatitsogolera mumsewu womwewo mpaka pa chaikhana ina, nyumba yodyeramo ndi kumweramo tiyi, imene ankati ankabwerako ndi bambo awo ali mnyamata.

Matebulo ndi mipando munalibe. Tinavula nsapato n'kukwera pansanja yoyalidwa makapeti, ndipo ine anandikhazika kumtunda, kutali ndi khomo, chifukwa kumeneko ndiye malo a mlendo. Pakona panali samovar, chiketulo chachikulu chamkuwa chimene chimawira tsiku lonse. Mnyamata wina anabwera ndi jagi ndi beseni n'kuyamba kutithirira madzi m'manja mmodzimmodzi, kuyambira ine, monga amachitira mwana kwathu nsima isanavundukulidwe. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Kenaka anayala dastarkhan, nsalu yodyerapo, n'kuponyapo buledi wamtali wophwatalala, wotentha, wongochoka kumene mu tandoor, uvuni wadothi. Wotanthauzira anandinong'oneza kuti nsaluyo sailumpha ndiponso sailozetsa mapazi, ndipo buledi akagwa pansi amamutola mwaulemu.

Choyamba kubwera chinali chainaki. Ndinaona mnyamata uja akutenga timaketulo takale ta tiyi pamakala, tina tong'aluka tomangidwa ndi waya, ndipo ndinkayembekeza tiyi. Koma m'kati munali nyama ya nkhosa, anyezi, tomato ndi kachidutswa ka mafuta a kumchira, popeza nkhosa za kumeneko zimasunga mafuta ambiri kumchira. Ketulo iliyonse ndi ya munthu mmodzi, ndipo imakhala pamoto wapang'onopang'ono kwa maola ambiri mpaka nyama kuyamba kusiyana yokha ndi fupa. Umanyemanyema buledi m'mbale, n'kukhuthuliramo msuzi wonse, n'kudikira kuti buledi amwe. Ndinadya ndi dzanja, thukuta n'kuyamba kutuluka pamphumi pamene panja madzi anali atayamba kale kuundana m'ngalande.

Ndinkaganiza kuti tamaliza, koma Kaka anaitana mwini nyumba n'kumuuza zinazake motsitsa mawu. Chimene chinabwera si mpunga wa qabili uja wokhala ndi karoti ndi mphesa zouma, umene alendo ambiri amaudziwa ku Kabul. Inali mbale yaikulu imodzi ya qurooti, ndipo mwini nyumbayo ankaoneka wamanyazi pang'ono, chifukwa chimenechi ndi chakudya cha pakhomo, chimene ena amati ndi cha amphawi, osati chopatsa mlendo wochokera kutali. Koma Kaka anaumirira.

Qurooti amapanga ndi buledi wa dzulo, wouma, wonyemanyema, amene amamuviika mu msuzi woyera wa qurut (timipira ta mkaka wouma), pamwamba n'kuthira mafuta otentha okazingira anyezi ndi adyo, kenaka kuwaza timasamba touma ta minti. Kulawa koyamba kunandidzidzimutsa. Kunali kowawasa kuposa chambiko, kwamchere wambiri, ndi fungo la khola pang'ono. Kachiwiri ndinayamba kumva mafuta ndi adyo zikufewetsa kuwawasako. Kachitatu dzanja linkangopita lokha m'mbale, ndipo Kaka ankakankhira mbali yamafuta kwa ine uku akuti, "Bukhor, bukhor," kundiuza kuti ndidye.

Ataona kuti ndachikonda anaitanitsa qurut weniweni kuti ndimuone. Anandiika m'manja kampira koyera, kolimba gwa, kokhala ndi zidindo za zala za amene anakaumba. Nayi ntchito imene ili m'kampira kameneko, monga anandifotokozera. M'chilimwe mabanja amakwera ndi ziweto kumadambo a pamwamba pa mapiri, kumene kuli msipu. Amayi amakama nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe, amaundanitsa mkaka, amaukhutchumula mpaka batala atayandama. Batalayo amamusungunula kuti asawonongeke. Zotsalazo amaziwiritsa, amazitsanulira m'matumba a nsalu kuti madzi akhe, amathira mchere, amaumba timipira n'kutiyanika padzuwa mpaka titauma. Tikauma timakhala miyezi yambiri osavunda. Nyengo yozizira ikafika, ziweto zitasiya kutulutsa mkaka ndipo chipale chofewa chitatseka njira za kumidzi, mayi amatenga timipira tingapo, amatipekesa m'madzi m'mbale yokhakhala mpaka tisungunuke, ndipo banja limadya mkaka wa mu Julaye pakati pa Januwale.

Ndinakhala chete ndi kampira kaja m'manja. Ine ndinatumidwa kumeneko pa nkhani ya kasungidwe ka zokolola. Vuto la alimi a ku Bamiyan linali lakuti kachewere amacha nthawi imodzi, ndipo ukamusunga m'dzenje wamba chisanu chimamuwononga, motero ankagulitsa yense pokolola pamtengo wolira, mtengo n'kudzakwera iwo alibe ngakhale thumba. Tinkawathandiza kumanga nkhokwe zamiyala zolowa pansi, zokhala ndi mipata yopitira mpweya. Usiku umenewo ndinaona kuti anthuwa luso losunga chakudya anali nalo kuyambira makolo awo: mkaka amaumitsa, nyama amayanika, maapurikoti amayanika padenga. Chimene chinkawasowa pa kachewere chinali ndalama za simenti ndi zitseko. Kuyambira pamenepo ndikafika pamudzi ndinkayamba ndi kufunsa mmene amasungira zinthu, kenaka n'kutulutsa mapepala anga, ndipo misonkhano inayamba kuyenda bwino.

Chinthu chimodzi chinandikhudza ndipo chimandikhudzabe. M'chipinda monsemo munali amuna okhaokha. Amayi amene zala zawo zinadinda pa qurut uja sanali pamenepo kuti amve ndikuyamikira. Nthawi imeneyo bwanamkubwa wa Bamiyan anali mayi, Habiba Sarabi, woyamba m'dziko lonselo kukhala pa udindo wotero kuyambira 2005, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakumana ndi magulu a atsikana ovala mipango yoyera akupita kusukulu. Chibwerere a Taliban mu Ogasiti 2021 atsikana saloledwanso kupitirira sitandade 6. Ndikamva nkhani zimenezi ndimaganiza za ana aakazi a alimi aja, ndipo zimandiwawa.

Titakhuta, onse anatambasula manja kuthokoza Mulungu n'kuwapititsa kumaso, inenso ndinapemphera mwa chikhulupiriro changa. Panabwera tiyi wobiriwira wothira kadamamu, kapu yoyamba ya shuga wambiri, zotsatira zopanda shuga koma ndi timasiwiti. Nditapisa dzanja m'thumba kuti ndilipire, Kaka anandigwira pamkono mwamphamvu, nkhope itasintha. Wotanthauzira anati ndisayerekeze, kungakhale kuwanyoza pamaso pa anthu a kwawo. Ndinangoika dzanja pachifuwa n'kunena kuti "Tashakor, Kaka jan," kuwathokoza, iwo n'kundipatsa timipira ta qurut tomanga m'kansalu kuti ndizikamwera tiyi.

Patangopita masabata ochepa tinayamba kukumba maziko a nkhokwe m'mudzi mwa Kaka, ndipo panabuka mkangano pakati pa mabanja awiri wokhudza malo oti imangidwepo. Nkhani imeneyo ndidzaikamba m'gawo 15.