Amber sanali wovuta, ine ndi amene ndinkamuika polakwika

Lero mtima wakhala m'malo. Kwa milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi kabatani kamodzi ka chenjezo, kaja kouza munthu kuti nthawi yake pa akaunti yatsala pang'ono kutha, ndipo usiku wathawu ndi pamene m'mutu munatseguka. Za hex ndi RGB, njira zolembera mitundu ndi manambala pa kompyuta, sindilowamo.

Ndinkagwiritsa ntchito #FFC107, amber (mtundu wa pakati pa chikasu ndi olenji) wa Material Design, kalozera wa Google wa kaonekedwe ka mapulogalamu, yemwenso Bootstrap, chida chopangira masamba a pa intaneti, imaika pa mauthenga ochenjeza. Pa laputopu amaoneka bwino zedi, amakoka maso koma saopseza ngati wofiira. Pamwamba pake ndinaikapo zilembo zoyera, poti mabatani anga ena onse ali ndi zilembo zoyera. Chrome DevTools, chida choyezera masamba mu Chrome, ikandionetsa contrast ya 1.63, kutanthauza kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi pamene zalembedwa, ndinkangoti makinawa ali ndi zawo. Koma WCAG, muyezo wothandiza kuti masamba aziwerengeka kwa aliyense, imafuna 4.5:1 pa zilembo wamba ndi 3:1 pa zilembo zazikulu, ndiye ndinali kutali kwambiri. Ndinayamba kumudetsa amber uja pang'onopang'ono. Ndikamudetsa nambala ikukwera, ine kukondwa. Pofika pa #B45309, amber-700 wa Tailwind v3 (chida china chokongoletsera masamba), nambala inadutsa 5, koma poyang'ana batani linali litasanduka la dzimbiri. Chenjezo lonse linathawamo. Ndikabweza kuwala, nambala ikugwa. Ndinkangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pachingwe.

Chimene chinkandinamiza ndi HSL, njira ina yolembera mitundu imene L wake amaimira kuwala. Amber uyu ali ndi L wa pafupifupi 51%, buluu weniweni #0000FF ali ndi 50%. Ine m'mutu mwanga ndinkati awiriwa amawala mofanana, ndiye zilembo zoyera zikakhala bwino pa wina zikhalanso bwino pa mnzake. Ayi ndithu. Diso siliwerengera choncho. Pa masamu a kuwala amene WCAG imagwiritsa ntchito, wobiriwira amalemera 0.7152, wofiira 0.2126, buluu 0.0722 basi. Tsono amber ndi chiyani? Ndi wofiira wodzaza, wobiriwira wambiri, buluu pafupifupi kulibe. Watenga mitundu iwiri yolemera ija. Ukawerengera, kuwala kwake kumafika cha pa 0.59, pamene buluu uja ali pa 0.07. Amber ndi m'bale wake wa woyera. Kulemba zoyera pa amber kuli ngati kulemba ndi choko pakhoma lopakidwa laimu.

Ndinakhala chete kaye, kenako ndinangosintha zilembo zija kukhala zakuda. Nambala inalumpha kufika pafupi ndi 13:1. Osakhudza amber ngakhale pang'ono. Milungu itatu!

Ndipo apa ndi pamene ndikubwererabwererapo, chifukwa nkhani si ya batani lokha. Amber wakuda kulibe. Buluu ukamudetsa amakhalabe buluu, wofiira ukamudetsa timamutchulabe wofiira, koma amber ukamuchotsera kuwala dzina limasintha, amakhala bulauni. Kuwalako ndiye amber mwiniwakeyo. Choncho pa tsamba loyera sangakhale mtundu wa zilembo, kapena wa linki, kapena wa kachizindikiro kowonda koima pakokha. Ntchito yake ndi kukhala pansi n'kunyamula zilembo zakuda. Pa tsamba lakuda zinthu zimatembenuka, amawerengeka bwino kwambiri, ndipo ndakumbukira kuti masikirini a makompyuta akale a m'ma 1980 ena ankalemba ndi amber pa chakuda. Anthu aja sanasankhe mwangozi.

Njira imene yandipulumutsa ndi kuchotsa mitundu yonse. Ndimaika filter: grayscale(1) pa tsamba lonse n'kuyang'ana. Mzere umodzi wa CSS, chilankhulo chokongoletsera masamba, wosandutsa zonse kukhala zaimvi. Batani langa lakale linaoneka ngati kabokosi kotuwa kopanda mawu, zilembo zitasungunukiramo. Kunena zoona, ndikuona ngati njira imeneyi imaposa zida zonse zoyezera zimene ndayesapo, ndipo aliyense akanayamba nayo theka la mavuto a mitundu silikanakhalapo. Yandionetsanso china: uthenga wa amber ndi wobiriwira wowala unkafanana pa imvi, kutanthauza kuti munthu wovutika kusiyanitsa mitundu sakanadziwa kuti uwu ndi chenjezo, uwu ndi wonena kuti zatheka. Ndinawonjezera kachizindikiro ka makona atatu ndi mawu oti "Chenjezo" kutsogolo. Mwina ndikuikokomeza, koma panopa sinditsegula tsamba osaiyatsa kaye.

Chimene chikundiwawa ndi aphunzitsi a kosi imene ndikuchita. Anatha maola awiri athunthu pa gudumu la mitundu, kuti uwu umagwirizana ndi uwu, wachikasu umapereka chimwemwe, buluu umapereka chikhulupiriro. Za kuwala anangodutsapo pa silaidi imodzi, nati muziyeza contrast, basi. Chifukwa chake osanena. Nditafunsa za batani langa anandiyankha kuti ndiyese mtundu wina. Ine sindinkafuna mtundu wina, ndinkafuna kudziwa chimene chikulakwika pa uwu. Manambala atatu aja a wobiriwira, wofiira ndi buluu akanawalemba tsiku loyamba, mphindi zisanu zinali zokwana. Komanso nthawi yanga yophunzira ndi ya usiku nditaweruka, maso atatopa kale, ndiye milungu itatu imeneyo ndimaiwerenga ndi mtima wowawa. Mwinanso anazinena ine ndikusinza, sindingalumbire.

Pali pamene sindinakhazikikebe. Amber akamasendera ku olenji, masamu amanenabe kuti zilembo zakuda ndiye zabwino, koma maso anga nthawi zina amakonda zoyera, ndipo ndaona kuti si ine ndekha amene ndimadandaula zimenezi. Pali njira ina yoyezera yotchedwa APCA imene akuti imatsatira bwino mmene diso limaonera, koma ndangoiwerenga pamwamba, sindinaimvetse. Ndiye pa olenji ndikhulupirire nambala kapena maso? Komanso m'mphepete mwa batani la amber pa tsamba loyera, 1.63 uja akadalipo. Ndaika kamzere ka bulauni kuzungulira kuti batani lizioneka pamene lathera, koma sindikudziwa ngati n'kofunikadi poti mawu akuwerengeka kale, kapena ndangolidetsa pachabe. Mawa ndiliyang'ana pa foni panja padzuwa, mwina ndiona zina.