MGB ya amalume, gawo 6: chifukwa chake injini sinalirebe

Ndabweranso, patatha miyezi iwiri ndili chete. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo 5, makamaka bambo aja a ku Katete amene munandikumbutsa kuti pampu ya petulo ya kampani ya SU ikagona nthawi yaitali imadzuka ukaigogoda pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Munanena zoona, inayamba kugunda. Koma ambiri a inu funso lanu ndi limodzi: kodi MGB imeneyi, galimoto yakale ya ku England imene ndikukonza, ilira liti? Mlamu wanga uja mumamudziwa amafunsanso zomwezo, kungoti iye amafunsa akuseka.

Anthu ambiri kuno kwathu tinazolowera Hilux ndi Land Cruiser, zimene thupi lake limakhala pamwamba pa chasisi. Thupi likawola, chasisi imagwirabe. MGB siinapangidwe choncho. Kuyambira 1962 mpaka 1980, pamene ankazipanga ku Abingdon ku England, thupi lenilenilo ndilo linali chasisi. Ya amalumeyi ndi ya 1969, ndipo denga lake ndi lansalu, ndiye kumwamba kulibe chitsulo chogwira kutsogolo ndi kumbuyo. Ntchito yonseyo imagwiridwa ndi mtumbira wa pakati umene giyaboksi imalowamo, pamodzi ndi masili awiri, mabokosi aatali achitsulo amene ali pansi pa zitseko. Masili akawola galimoto imapindika pakati ngati bulu wolemedwa ndi matumba. Mukaikamo injini yamoyo n'kuyamba kuthamanga pa msewu wa ku Chadiza, tsiku lina chitseko chidzatseguka chokha pa bampu.

Mu gawo 3 ndinangotchula mwachidule kuti ndinapereka galimotoyi kwa munthu wina wowotcherera pamene ndinkapita ku ntchito ku Lusaka. Ena munaona kuti ndinadumphapo msanga. Ndinadumpha dala, chifukwa zimandiwawabe. Munthuyo, amene dzina lake sinditchula, anachotsa zitseko zonse ziwiri, n'kuimika galimoto pa njerwa zosafanana kutalika, n'kudula masili onse awiri tsiku limodzi. Kenako anapinda lata la denga, analiwotcherera ndi gasi, n'kumata fila, phala losalazira thupi la galimoto, pamwamba mpaka panasalala ngati khoma la nyumba yatsopano. Nditabwera ndinasangalala. Ndinamuthokoza, ndinamulipira, ndinamuwonjezeranso ya sopo. Loweruka lotsatira ndinatenga chitseko cha kumanja kuti ndichibwezere. Pansi chinalowa bwino. Kumwamba, mbali ya loko, chinakwera pa thupi la galimoto pafupifupi mulifupi mwa chala changa. Ndinamasula mahinji, ndinakankha, ndinamanganso, katatu konse. Kenako ndinakhala pansi pa chigubu cha oyilo, chitseko chili pamiyendo. Chitseko chimenechi amalume ankachitseka ndi zala ziwiri, n'kutiuza ife ana kuti galimoto si khola la mbuzi, musamamenyetse. Amayi a kunyumba anandiitana kuti nsima ikuzizira, ndinawamva, koma ndinakhalabe pomwepo mpaka kunada. M'mawa mwake ndinaiphimba ndi tenti.

Zaka zinayi zinadutsa tentiyo ili pomwepo.

Ena munandifunsa chifukwa chake sindinapite naye kwa a polisi. Ndikanakanena kuti wandilakwira chiyani? Mageti ndi mawindo amawotcherera bwino, mpaka lero. Ndine ndinamupatsa ntchito imene sanaionepo, osamufotokozera kalikonse, chifukwa nanenso nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti mkati mwa sili muli chiyani.

Sili ya MGB ndi zitsulo zinayi. Mukafuna kuitanitsa, mayina ake m'mabuku a masipeya ndi outer sill, imene mumaiona kunja. Inner sill, imene ili mkati m'mbali mwa pansi pa galimoto. Membrane, chitsulo choima chilili pakati pa ziwirizo. Ndi castle rail, imene imatseka kunsi. Mphamvu yambiri ili mu membrane ndi castle rail, zimene diso siliona. N'chifukwa chake galimoto imatha kuoneka yokongola kunja pamene mkati mwangotsala fumbi lofiira. Mukafuna kugula yotere, tengani maginito ndi sikuludiraiva. Pamene maginito sakugwira pali fila. Gonani pansi mubaye castle rail ndi malo oikapo jeke. Kenako tsegulani chitseko, muike jeke pakati pa sili, mukweze pang'ono mukuyang'ana mpata wa chitseko kumwamba. Ukasintha, sili yapita.

Wina anadabwa kuti ku Chipata kuno kulibe nyanja, kulibe mchere wa m'misewu wa ku Ulaya, nanga dzimbiri lachokera kuti? Lachokera ku matope athu omwewa. Kumbuyo kwa tayala la kutsogolo kuli kachitsulo kotchinga matope, ndipo rabala yake ikatha, dothi limalowa n'kudzaza pansi pa wing'i, chitsulo cha thupi chophimba tayala. Kuyambira Novembala mpaka Epulo dothilo siliuma. Nditamasula wing'i ya kumanja ndinatulutsamo theka la ndowa, muli ndi zikhokho za mtedza zimene makoswe anasungamo. Onjezani nsalu ya denga yong'ambika, makapeti onyowa, ndi timabowo totulutsa madzi ta pansi pa sili totsekeka ndi dothi.

Chaka chino ndaiyamba ndekha, mu galaja ya kunyumba. Ndinayamba ndi kuchotsa zonse zoyaka. Tanki ya petulo inatsika, mipando ndi makapeti zinatuluka, mabatire awiri a 6V amene amakhala kumbuyo kwa mipando nawonso anatuluka. Pa MGB paipi ya petulo, paipi ya mabuleki, waya wamkulu wa batire ndi mawaya opita ku magetsi a kumbuyo zimadutsa kunsi, mbali ya kumanja. Zimasuleni, muzikokere kutali ndi pamene mukuwotcherera. Wing'i ya kutsogolo ndi yomanga ndi mabawuti, koma siichoka bwino galasi la kutsogolo lisanachoke, chifukwa miyendo ya felemu yake imalowa kudzera pa wing'iyo. Mabawuti ake ndi a mainchi. Sipanala ya 13 mm imaoneka ngati ikugwira pa bawuti ya theka la inchi, koma pa bawuti yadzimbiri imangozungulira n'kudya makona. Pezani masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16, ndipo thirani mafuta omasulira masiku atatu musanagwire. Wing'i ya kumbuyo ndi yowotcherera, ndiye mumadula kachigawo ka pansi kokha, kutsogolo kwa tayala, kuti mufike kumapeto kwa sili.

Kuwongola thupi ndiko kunanditengera nthawi yaitali. Ndinaimika galimoto pa masitandi anayi, pansi pa ekiselo ya kumbuyo ndi pansi pa chitsulo chonyamula miyendo ya kutsogolo, kuti kulemera kukhale ngati ili pa matayala ake. Simenti ya galaja yanga ndi yopendekeka, choncho ndinkaika timatabwa pansi pa sitandi mpaka levulo itagona bwino mbali zonse. Ndinabwezera zitseko ndi mahinji ake, ndinadula lata lija la kumanja, ndinaika jeke ndi thabwa pakati, n'kumakweza pang'onopang'ono. Kukweza pang'ono, kuyeza, kusiya usiku wonse, mawa kuyezanso. Ndinkafuna mpata wa 5 mm kuzungulira chitseko chonse, ndipo choyezera changa chinali dirilo ya 5 mm imene ndinkailowetsa mu mpatawo. Zinatenga masiku asanu ndi limodzi. Mpata utafanana, ndinawotcherera paipi yamakona anayi ya 25 mm mkati mwa khomo lililonse, kuchokera ku mzati wa mahinji kufika ku mzati wa loko, ina yopingasa galimoto kuchokera kumanja kufika kumanzere. Mapaipiwa muziika cha mkati kuti chitseko chizitsekekabe, chifukwa chitsekocho ndicho chikuuzani zoona pa ntchito yonse. Ndipo gwirani mbali imodzi yokha mpaka ithe. Mbali inayo, ngakhale yowola, imagwirabe pang'ono, komanso ndi pamene mumakopera miyezo.

Zitsulo zakale zinalumikizidwa ndi spot weld, timadontho towotcherera ta ku fakitale. Musazing'ambe ndi tchizulo, mudzapinda mizati. Pukutani ndi burashi ya waya kuti timadontho tioneke, muboole kalikonse ndi dirilo ya 8 mm, chitsulo chapamwamba chokha. Outer sill ndi castle rail ndinaitanitsa zopangidwa kale. Kampani ya British Motor Heritage imapangabe zitsulo za thupi la MGB pa zikombole zakale za fakitale, ndipo kupindika kwa outer sill n'kovuta kukutsanzira ndi hamala. Zinafika ku Lusaka, ndinazikweza basi kubwera kuno. Membrane ndi zigamba za inner sill ndinadula ndekha pa chitsulo cha 1.2 mm, nditayamba ndajambula pa katoni. Lata la denga musaliyese. Ndi lopyapyala kwambiri, ndipo utsi wa zinki yake umadwalitsa, mutu ndi kunjenjemera ngati malungo.

Ndondomeko imene ndinatsata ndi kukonza inner sill poyamba, kenako castle rail, membrane, ndipo outer sill pomaliza. Musawotcherere chilichonse musanamange zonse pamodzi ndi ma vice grip, mapulayazi okhoma aja, ndi timasikuluwu, n'kupachika wing'i, n'kutseka chitseko. Ine ndinamanga ndi kumasula kasanu. Kachinayi ndinapeza kuti outer sill yakwera 3 mm kumbuyo ndipo chitseko chikukhula pansi. Ndikanakhala nditawotcherera, bwenzi ndikuliranso pa chigubu chija.

Powotcherera ndinagwiritsa makina a MIG, owotcherera ndi waya m'malo mwa ndodo, waya wa 0.8 mm ndi gasi wa argon wosakaniza ndi CO2. Makina a ndodo amene timawotcherera nawo mageti amaboola chitsulo chopyapyala chotere, ndipo moto wa gasi umatenthetsa malo aakulu mpaka chitsulo kupindika. Pa chitsulo chatsopano ndinaboola mabowo a 8 mm motalikirana 25 mm, ndinapala malo okumana mpaka kuwala, ndinapaka pulaima ya zinki yolola kuwotcherera, ndinapanikiza zitsulo kuti pasakhale mpata, n'kudzaza bowo lililonse kuyambira pakati pa chitsulo cha pansi. Musatsate mabowo mondondozana. Limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, lina pakati, kenako mupume chizizire. Musanayambe, yesani pa tizidutswa tiwiri, mutimange pa vayisi, mupotoze. Chowotcherera chabwino chimang'amba chitsulo n'kusiya bowo. Chikangothothoka bwinobwino, moto wachepa. Izi zinandichitikira madzulo ena, nthawi imene nyumba zonse zayatsa masitovu ndipo magetsi afooka. Madontho 14 ndinawaboolanso. Kuyambira pamenepo ndimawotcherera m'mamawa, magetsi akakhalapo. Mphepo ya mu Ogasiti nayonso imauluza gasi, dontho n'kutuluka ndi timabowo ngati chisa cha chiswe, choncho chitseko cha galaja ndimatseka theka, zenera lili lotsegula, ndowa ya mchenga ndi chozimira moto zili pafupi.

Mukamaliza, tsegulani timabowo totulutsa madzi pansi, ndipo penti ikauma mupopere wakisi wa mkati mwa zitsulo mpaka adonthe. Bambo wina analemba kuti oyilo wakutha wa mu injini amagwira ntchito yomweyo. Pepani bambo, pamenepo sitigwirizana. Oyilo wakutha amakhala ndi asidi ndi madzi, ndipo kukatentha mu Okutobala amangotsika n'kudonthera pa simenti. Chitsulo chopala musachigoneke usiku chopanda pulaima mvula ikayamba, m'mawa mudzachipeza chachita chikasu.

Lachitatu lapitali ndinadula paipi yogwira khomo la kumanja, ndinachotsa jeke, ndinalowetsa dirilo ija mu mpata. Inalowa chimodzimodzi kumwamba ndi pansi. Ndinaitana amayi a kunyumba kuti atseke okha chitsekocho. Anatseka ndi zala ziwiri, anatsegula, anatsekanso, osanena kanthu.

Alamu, ndikudziwa mumawerenga ngakhale simulemba. Munati ndigulitse kwa a sikirapu, kenako munati ndiikemo injini ya Corolla. Injini ya amalume ndi ya 1798 cc, masilinda anayi, makabureta awiri a SU, ndipo siichoka. Kwa milungu itatu ndakhala ndikuthira masupuni awiri a dizilo wosakaniza ndi oyilo wa giyaboksi ya otomatiki mu bowo la pulagi iliyonse, ndipo tsopano ikuzungulira ndi sipanala pa pule ya kutsogolo, mopanda kukakamira. Mavalavu ndidzawatchera pa mpata wa 0.015 inchi injini ili yozizira, mawaya a mapulagi adzatsata 1-3-4-2. Koma zimenezo zidikire. Sili ya kumanzere ikadali ndi lata lake, ndipo ndikufuna ithe mvula yoyamba isanagwe. Mawa ndiyamba kuthira mafuta pa mabawuti a wing'i ya mbali imeneyo.